Tsamba limodzi la Esinati

Mdzukulu wanga atandifunsa dzulo kalembedwe ka chimangirizo, nsanje yakalekale inandidzukira.

Kusukulu kwathu ku Kande tinali ndi buku limodzi lokha la nthano yachingerezi, lonena za mayi wodikira mwamuna wake amene anapita kutali. Tinkabwerekana, moti pofika kwa ine linkanunkha chinangwa choviika. Aphunzitsi anati tilembe chimene bukulo likuphunzitsa.

Ine ndinafotokoza nkhani yonse, masamba anayi, osadonthezapo inki. Msuweni wanga Esinati analemba tsamba limodzi basi, theka lake za amayi ake, amene ankathamangira kugombe akangoona utsi wa sitima, poti bambo a Esinati anatchona ku Halale.

Aphunzitsi anawerenga chimangirizo cha Esinati pamaso pa tonse. "Uyu ndiye walimva bukuli," anatero.

Ndinafika kunyumba nditakwiya, ndipo ndinapeza bambo anga akusoka ukonde.

"Ada, Esinati wabera! Amayi ake mulibe m'bukumo. Inunso bwanji simunapite ku Halale?"

Anasiya kusoka, nandiyang'ana.

Ndinkasirira mwana wopanda bambo, anga ali pompo, akusoka ukonde woti ine ndidye.