Bawo la pa Foni ya Ababa

Achimwene anga popita ku Joni anasiyira ababa foni yawo yakale, yong'aluka pakona. Munali gemu ya bawo yoti anthu awiri n'kumasewera ali kutali. Poyamba ankaimba. Kenako kuimba kunatha, mameseji osayankha, koma bawo lokha silinaime. Ababa akabwera kuchokera ku mzikiti masana ankapeza achimwene atasewera mbali yawo.

"Ali moyo," ankatero. "Wandidyanso."

Tsiku lina ndikuchokera kuntchito ku loji ya ku Nkopola, ndinapeza ababa pakhonde, foni ili m'manja. Panali uthenga wa Chingerezi. Ndinawamasulirira: posachedwa gemuyo isiya kugwira ntchito pa mafoni akale.

Loweruka ndinapita nayo foniyo kwa bambo wina wokonza mafoni pa msika wa Mangochi.

"Opanga gemuyi amaimanga pa pulogalamu ya anthu ena yomwe timaitcha injini," anatero. "Eni injiniyo asiya kulabadira mafoni a pulogalamu yakale. Foni iyi yafika pothera, pulogalamu yake singakwezedwenso."

"Nanga tikaika gemuyo pa foni yanga?"

"Ilowa. Koma masewero a ababa anu ndi mwana wawo sasamuka popanda mawu achinsinsi."

Mawuwo anawaika ndi achimwene. Ife sitinkawadziwa.

Nditawafotokozera, ababa sanadandaule za foni. Ananena china chomwe anakhala akutibisira.

"Kaseweredwe kasintha. Mwana wanga ndinamuphunzitsa ndine, sathamangira kudya chonchi."

Amayi anasiya kupeta mpunga. "Mukutanthauza chiyani?"

"Sindikudziwa amene ndikusewera naye."

Ababa anapitirizabe kusewera. Uthenga uja unkabwera akangotsegula, iwo n'kuukankhira pambali ndi chala. M'mawa wina gemuyo inangoyera, n'kudzitseka. Anayesa mpaka batire kutha.

Ndinaika gemuyo pa foni yanga, n'kufufuza dzina lomwe achimwene ankagwiritsa ntchito. Linalipo. Ndinaitana mwini dzinalo kuti tisewere, ndipo madzulo ake kuitanako kunavomeredwa. Ndinalemba m'Chiyao, chiyankhulo chathu cha pakhomo, kufunsa ngati anali iwo.

Yankho silinabwere. Munthuyo anangosewera.

Ndinapatsa ababa foni. Anayang'anitsitsa mmene mbewu zinayendera m'maenje, milomo ikuwerenga chamumtima. Kenako anandibwezera.

"Usamufunsenso," anatero. "Akhoza kusiya."

Mpaka lero ndimasewera naye ndine, ababa akundiuza posuntha. Amayi sayandikira n'komwe.