Bokosi la Kadontho Likufuka Utsi

Mdzukulu wanga timamutcha Kadontho, chifukwa ntchito yake ku labotale ndi yodontheza timadzi m'timachubu. Ndinamulera ine amayi ake atamwalira, ndipo manja ake sananjenjemerepo, ngakhale polowetsa ulusi pasingano. Amafufuza mmene maselo a m'thupi amadyera zinyalala zawo zomwe. Kuti aone timapuloteni togwira ntchitoyo, amathira mankhwala otchedwa maantibode, amene amatimatirira n'kutiwalitsa pamakina oonera zing'onozing'ono.

Mankhwalawa safuna kutentha. Oyamba anaonongeka atawasiya padzuwa pageti ya kuntchito, koma abwana anakalipira iyeyo. Anati zikachitikanso asabwererenso kuntchito. N'chifukwa chake Kadontho anati achiwiri abwere kunyumba, awalandire yekha.

Wanjinga yamoto wobweretsa mankhwalawo anafika masana, Kadontho kulibe. Ndinalandira bokosi loyera, lopepuka. Nditatukula chivindikiro pang'ono, utsi thoo! Woyera, wotsika pansi ngati ukukwawa. Ndinagwira kamwala kamene kanali m'katimo, chala chinapsa pompo. Ndinaimbira Kadontho. Foni yake inkangolira osayankha.

Ndinakuwa, ndipo atelala a nyumba yoyandikana anathamanga ndi ndowa ya madzi.

"Chokani agogo, chiphulika ichi!"

"Muthire muone," ndinatero.

"Mukufuna kupsera m'nyumba chifukwa cha katoni? Ukalamba wakulowani m'mutu eti?"

"Wakulowani ndinu, osoka malaya a mkono umodzi wautali! Za mwana wanga musakhudze."

Zoona zake, ndinkaopa kuposa iwo. M'maganizo ndinkaona denga likuyaka. Koma ndinkaonanso Kadontho akuchokera kuntchito atachotsedwa, atanyamula jasi lake loyera m'jumbo. Chimene ndinkadziwa n'chimodzi: anati zisatenthe. Ndinatseka chivindikiro, n'kulinyamula bokosilo, kukaliika pamthunzi kuseri kwa nyumba. Ndinakhala pampando pambali pake, nditalitchinga ndi ambulera. Atelala anaima patali ndi ndowa yawo, akundiitanira Mulungu. Bokosi likati tse, ndinkatsinzina.

Kadontho anafika thukuta lili kamukamu. Anasuzumira m'bokosi, kenaka anakhala pansi m'fumbi.

"Ndi ayezi wouma, agogo. Sayaka, amangowotcha khungu ndi kuzizira. Akanathira madzi, ayeziyu akanatha msanga, mankhwala n'kuonongeka, ntchito yanga n'kuthera pomwepo."

Ataona chala changa chotupa, manja aja osanjenjemera ananjenjemera, mpaka bandeji inamugwa.

Komabe mtima sunakhale pansi, poti mankhwala sadziwika ndi maso ngati ali moyo. Masiku otsatirawo ndinkangomuyang'ana nkhope akamalowa pakhomo, osayerekeza kufunsa. Tsiku lina anandiikira foni m'manja. Panali chithunzi chakuda chokhala ndi timadontho tobiriwira, mbwee, tikuwala.

"Timapuloteni tija ndi timeneti?"

"Ndi timeneti, agogo. Mankhwala aja agwira, mawa ndikupitabe kuntchito."

Ndinatenga foniyo kukaonetsa atelala. Anati sakuona kanthu. Ndinawauza avale magalasi.