Mpando wa Mthenga m'Kombi Yanga

Vuto la ife ophunzira patokha ndi lakuti tikawerenga chinthu timachikhulupirira kuposa mawu a m'busa. Tsamba limene linandipusitsa ine ndinalipeza atakulungira usipa. Linali la magazini ya Chizungu, ndipo pakati pa madontho a mafuta ndinatolapo mfundo yakuti sipika imamveka bwino ikakhala pamalo obisika. Theka lina la tsambalo, limene mwina linali ndi chenjezo, linapita ndi wogula wina. Madzulo omwewo ndinazula sipika ya wailesi pa dashibodi ya kombi yanga, ndinaionjezera waya, n'kuimangirira kunsi kwa mpando wapakati.

M'mawa mwake, Lachisanu, Mayi Nachisale anakhala pampando umenewo monga mwa nthawi zonse. Mayiwa anali aneba anga ku Kawale, ndipo ankalera ana a mzungu wina ku Area 12. Tikuwoloka mlatho wa Lilongwe ndinatsegula wailesi monyadira. Mawu a mwamuna, onenepa bwino, anatulukira pansi pa chitenje chawo n'kupereka moni.

Anadumpha mpaka duku linakhudza denga.

"A Mbewe! Bambo ameneyu akufuna chiyani kunsi kwanga? Ine ndili pabanja!"

Anthu anaseka mpaka misozi. Mayiwo anamaliza ulendowo atakhala pa thumba la makala la munthu wina, ndipo potsika anandiuza kuti kuyambira Lolemba azikwera basi.

Zinali zaka zija boma linkasamuka ku Zomba. Inenso ndinabwera pamodzi ndi mafayilo, ndili mesenjala, koma nditaona mmene mzinda watsopanowu unatambasukira, ndinasiya ntchito n'kugula kombi yotopa kwa mzungu amene ankabwerera kwawo. Nyumba za mabwana anazimanga uko, za antchito awo uku, pakati tchire. Alonda, ophika, olera ana ndi a m'maluwa ndinkawatenga m'mawa n'kuwabweza madzulo, matambala khumi munthu mmodzi.

Mmodzi yekha sanaseke tsiku limenelo: a Kamwendo, bambo wachikulire wosamalira maluwa ku Area 10. Iwo ankakhala pakona ya mpando wakumbuyo, pamwamba penipeni pa injini, pakuti kombi injini yake ili kumbuyo. Kutsogolo ankakana, ati msewu ukamawathamangira m'maso amachita chizungulire. Potsika anandiyandikira.

"A Mbewe, lero sindinamve dzina ngakhale limodzi. Zimangomveka ngati munthu akulankhulira m'mtsuko."

Manyazi enieni anandigwira pamenepo. Masiku amenewo mthenga wa maliro anali wailesi, ndipo ambiri mwa anthu anga analibe yawo. Mlongo wa a Kamwendo atamwalira, uthenga unalengezedwa iwo ali m'kombi yanga yomweyi, injini ikubangula pansi pawo. Anafika kumudzi anthu atameta kale. Achimwene awo sanakalipe, anangoti, "Ineyo usadzandichite zimenezi." Tsopano achimwenewo anali gone ku Mchinji, phala likukana kulowa.

Choncho Loweruka m'mamawa tinanyamuka awiri, ine ndi iwo, kukafuna sipika yachiwiri ndi malo ake. Abwana awo, amene ankadziwa za mawaya, anali atanena kuti tikawapeze masana.

Tinayambira ku Msika wa Lilongwe, amayi akuyala kumene tomato. Kuseri kwa ogulitsa makasu ndi maloko kunali bambo wina wamagalasi omangidwa ndi ulusi, amene aliyense ankangomutcha Injiniya. Pabenchi lake panali mawailesi akufa ounjikana ngati maungu. Atamva nkhani yanga anatulutsa chisipika chachikulu ngati lichero, cha mu gumbagumba, makwacha asanu ndi imodzi. Mtima wanga unapita pomwepo. Ndinadziona ndikudutsa pa depoti mawindo akunjenjemera, madalaivala anzanga akuvula zipewa.

"Koma ndikufunseni, achimwene," anatero Injiniya. "Mukufuna kuvina kapena kumva?"

"Sizingatheke zonse?"

"Zimatheka kwa anthu a ku Area 10. Ichi chimatulutsa ng'oma. Injini yanunso ndi ng'oma. Ng'oma ziwiri zikakumana, munthu wolankhula amamira."

Anafukula pansi pa mulu n'kutulutsa kasipika kooneka ngati dzira, ka m'galimoto imene inachita ngozi. Anakagunditsa ku batire la tochi, kanati khwe! khwe! Kenaka analumikiza onse awiri ku wailesi yake mosinthanasinthana, n'kuuza a Kamwendo kuti aime patali, pafupi ndi munthu amene ankakhoma ndowa. Chachikulu chija chinkagwedeza benchi, koma a Kamwendo anangopukusa mutu. Kakang'ono kaja katalankhula anakweza dzanja.

"Aka kakutchula mawu."

Ndinalipira makwacha awiri ndi theka, chisipika chija ndikuchiyang'ana ngati mkazi amene anandikana. Waya ndinagula m'sitolo ya mmwenye, mayadi asanu, wofiira ndi wakuda wophatikizana.

Dzuwa litakwera tinawoloka mlatho n'kulowa msewu wa ku City Centre. Amene simunauone mzinda uwu uli wakhanda simungamvetse mmene unkasangalatsira. Msewu wa tala wotakata, wosalala ngati mbale, ukudutsa m'nkhalango ya m'mbali mwa Lingadzi mmene anyani ankakhala pamiyala kuonerera magalimoto. Ukangotuluka m'mitengomo, maofesi oyera a boma pa Capital Hill, ena atatha, ena akadali ndi mitengo yokwerapo amisiri, fumbi lofiira likukwera kumwamba. M'mbali mwa msewu anthu ankathirira timitengo tofika m'mawondo ndi zitini, chitsamba chilichonse pachokha. Ndinkaganiza kuti munthu wothirira mtengo wa mthunzi umene sadzakhalapo ndiye mwini mzinda weniweni.

Tinaima pamene amayi ankagulitsa chakudya kwa omanga. Zitumbuwa ziwiri tambala imodzi, thobwa la m'chikho matambala awiri. Tikudya, a Kamwendo analoza nyumba ina yosanja.

"Pamene pali khomo lalikulupo panali nkhokwe ya amayi anga. Mudzi wathu unali pano. Atatisamutsa, achimwene anakatola malo ku Mchinji, ine ndinatsalira ntchito."

Iwo anayang'anitsitsa khomalo, akutafuna.

"Koma amanga bwino," anatero. "Onani mzere wa njerwawo. Mmisiri ameneyo sankaganiza za mowa."

Pomwepo ndinayesa nzeru yanga yachiwiri. Ndinamangirira kasipika kaja ku chitseko chokoka cha pambali, poti pamenepo n'pakati pa galimoto. Ndinatseka chitseko, bwinobwino. Ndinatsegula, waya uja duu, waduka. Mayi wa thobwa anandiyang'ana mwachisoni.

"Bambo, ntchito imeneyi ndi yanu, kapena mukugwirizira wina?"

Ku Area 12 tinalowa cha m'ma leveni. Kumeneko ngakhale agalu amauwa mwaulemu. Mapuloti aakulu ngati minda, kapinga wometedwa, alonda atakhala pazitini pageti, aliyense akutikwezera dzanja chifukwa theka la iwo anali anthu anga. Pa nyumba ina imene inkamangidwa tinapeza kalipentala wa ku Dedza akupala zitseko. Anakatembenuza kasipika kaja m'manja n'kunena kuti sipika yopanda bokosi ili ngati chikopa chopanda mtengo wa ng'oma. Ndinatulutsa tsamba langa la usipa lija kumuonetsa kuti Azungu akugwirizana naye.

"Ndiye analemba kuti muike kunsi kwa amayi?" anafunsa. Nkhani inali itafika kale kumeneko.

Anatola zidutswa za matabwa zotsala, anacheka, anakhoma, anaboola pakati, ndipo mkati anayalamo chigamba cha bulangete kuti bokosi lisamachite phokoso lakelake. M'mphepete anapalamo mpaka posalala, ati pasadzakole chitenje cha munthu. Ndalama anakana. Anati ndizimutenga ulere sabata yamawa, ndipo azikhala kutsogolo.

Masana tinafika ku Area 10, kwa a Nyirenda, abwana a a Kamwendo. Anali munthu wa ku Rumphi, injiniya wa matelefoni m'boma, ndipo tinawapeza atavala kabudula akutsuka okha galimoto yawo. Ine ndinkayembekeza kuuzidwa zoyenera kuchita ndili pageti. Iwo anangoti, "Yewo, adada, lowetsani," n'kugona chagada pansi m'kombi yanga yonunkha makala. Sipika yakale anaibwezera pa dashibodi. Anandionetsa kuti waya wofiira uyenera kupita pamalo ofanana pa masipika onse awiri, apo ayi amakokana ngati ng'ombe ziwiri zosagwirizana pangolo, mawu n'kuchepa. Waya anaudutsitsa pansi pa mphasa ya labala, kutali ndi mapazi. Ku injini anamangako kachitsulo kotchedwa kondensa, kothetsa kuthetheka kwa m'wailesi kumene kunkakwera ndikaponda mafuta. Akazi awo anatitumizira tiyi wamkaka ndi mbatata.

Kenaka inafika nkhani ya malo. Ine ndinati kumbuyo kwenikweni, pashelefu ya pamwamba pa injini. A Nyirenda anati pamenepo pamatentha ndiponso pamanjenjemera, bola kudenga, pakati, kuti mawu azigwera aliyense mofanana ngati mvula. Anagwirizira bokosi lija kudenga, ndipo kunena zoona linkamveka bwino. Tinatembenukira kwa a Kamwendo, amene anali atakhala pakona pawo chipewa chili pabondo.

"Likumveka, bwana," anatero. "Kungoti... uthenga wa maliro sauza munthu utamuimirira pamutu. Ngakhale kumbuyo kwake. Mthenga amafika, amakhala pansi pambali pako, ndiye amanena."

A Nyirenda anatsitsa bokosi lija pang'onopang'ono.

"Kwathunso n'chimodzimodzi," anatero. "Ndipo mabuku sakukana. Khutu lili m'mbali mwa mutu, silili pamwamba."

Tinalikhomera ku khoma la mbali yopanda chitseko, pakati pa mpando wapakati ndi wakumbuyo, molingana ndi phewa la munthu wokhala pansi, litapendekera pang'ono kumbuyo. Ukaliyang'ana linkaoneka ngati wokwera wina amene wapatsidwa malo. Tikutsanzika, a Nyirenda anagwira a Kamwendo pamkono.

"Adada, mukamva chilichonse musabwere kuno kudzapempha chilolezo. Maluwa ndithirira ndekha."

Dzuwa litapendeka tinayamba kubwerera, tikutola oweruka m'mageti: ophika awiri, mlonda wa masana, amayi atatu ochapa. Aliyense polowa ankayamba wasuzumira kunsi kwa mpando. Mlonda uja anapereka moni kwa bokosi lija n'kulifunsa ngati lalipira. Nyimbo zinkamveka bwino mpaka kumbuyo, injini ikulira koma osaphimba kanthu, ndipo ine pachiwongolero ndinkamva ngati ndamanga nawo Capital Hill.

Tikutsikira ku Lingadzi nyimbo inatha, ndipo wolengeza anatsitsa mawu kuyamba mauthenga a maliro. Macheza anazima okha monga mwa masiku onse. Dzina loyamba linali la ku Mulanje. Lachiwiri la ku Nkhotakota. Lililonse linkamveka ngati munthuyo wakhala nafe. Kenaka anatchula Mchinji, anatchula mudzi, anatchula a Lufeyo Kamwendo ogwira ntchito ya m'maluwa ku Lilongwe, kuti achimwene awo atisiya m'bandakucha, ndipo mwambo woika m'manda uli mawa.

Ndinayang'ana pagalasi. A Kamwendo anali atatembenukira ku bokosi lija. Anavula chipewa, anaomba m'manja katatu mofatsa, monga timachitira munthu akatha kunena.

"Ndamva," anatero. "Zikomo, mwayenda."

Mayi wina anayamba nyimbo ya kutchalitchi chapansipansi, ena n'kulandira. Ndinatseka wailesi. Mlonda uja, amene ankayenera kutsika pa mlatho, anandigwira paphewa.

"Osaima paliponse, a Mbewe. Ku depoti kaye. Ife tiyenda pansi."

Kombi ija sinathamangepo chotero chiigulireni. Tinapeza basi yomaliza ya ku Mchinji italiza kale injini, kondakitala akumanga njinga padenga. Amayi aja anali atasonkha kangachepe m'kansalu n'kuwafumbatitsa. A Kamwendo anakwera, anapeza malo, ndipo basi ikutuluka anatulutsa mutu pawindo.

"Ndikafika asanatseke bokosi!" anakuwa.

Pobwerera ku Kawale ndili ndekha ndinkaganiza za anthu a tsiku limenelo. Wina anadziwa kusankha, wina kukhoma, wina mawaya, wina mwambo. Ine ndinali ndi theka la tsamba ndi galimoto yowafikitsa kwa wina ndi mnzake, ndipo mwina imeneyonso ndi ntchito. Tsambalo ndinayatsira mbaula.

Ndikutseka mawindo pabwalo, Mayi Nachisale anatulukira pa mpanda wa kwawo, manja ali m'chiuno. Anasuzumira m'kombimo, anaona kunsi kwa mpando, kenaka anayang'ana bokosi lija nthawi yaitali.

"Ndamva kuti bambo uja mwamuphunzitsa khalidwe," anatero. "Lolemba mundisungire malo pafupi naye. Amayi anga ku Zomba sakupeza bwino. Likadzafika tsikulo, ndikufuna adzandiuze atakhala pansi."