Abakha Amene Ndinapha ndi Munsi

Chaka chimene ndinabereka mwana wanga woyamba tinkakhala kwa apongozi ku Chia. Iwo ankaweta abakha kuseri kwa nyumba. Mvula itangoyamba, abakhawo anatuluka tinthu tonga njerewere m'zikope ndi pamlomo, kenaka tinada n'kusanduka nkhanambo. Ena maso anatsekeka, n'kumangodzigunda kukhoma. Apongozi ankawapana ndi miyendo, n'kumapala nkhanambozo ndi chigoba cha nkhono mpaka magazi chuu, n'kuthirapo mchere. Ine ndinkathawira m'nyumba.

Satifiketi yanga ya ku koleji ndi ya zosoka, si ya ziweto. Alangizi a ziweto anali atanena kuti ndi nthomba ya mbalame, siigwira anthu. Ndinamva ndithu, ndinavomera. Koma m'mawa wina ndikusambitsa mwana, ndinaona timatuza tofiira pachikope chake.

Sindikumbukira kuti ndinamugoneka pati. Ndimangokumbukira munsi uli m'manja. Bakha woyamba ndinamumenya pamutu, anagwa n'kumapalasa pansi ndi mapiko, ndinabwereza. Akhungu aja sanathawe n'komwe. Openya anathamangira kumpanda, ndinawapanikizira pakona, ndikumenya, ndikulira, nthenga zitandimatirira m'miyendo pamodzi ndi magazi ndi matope. Bakha safa msanga. Wina anadzuka khosi litapindika n'kuyamba kuyenda, ndinamutsatira.

Apongozi anatulukira kuchokera kumpunga, khasu paphewa. Anaima, kuyang'ana.

"Inu mayi, mpeni mulibe m'nyumba muno?"

"Amayi, mwana watuluka zomwezi kumaso..."

"Bwanji osaitana amuna anu adzawazinge ndi Bisimila? Pano zonsezi ndi haramu. Adya ndani? Agalu?"

Ine ndinakulira m'banja la Chikhristu, zimenezo sizinandibwerere n'komwe m'mutu. Ngakhale amene sankadwala anali osadyekanso. Tinakumba dzenje awiriwiri n'kuwakwirira.

Masana ndinakwera kabaza wa kuchipatala, chitenje chikadali ndi madontho a magazi. Namwino anagwira chikope cha mwana ndi chala, n'kundiyang'ana ine kuyambira kumapazi.

"Ndi udzudzu uwu, mayi. Kodi amagona mu neti?"

Ndinati eya. Linali bodza. Neti yathu inali kunyanja, bambo a mwana ankakokera usipa.

Pobwerera sindinafikire kunyumba, ndinatsikira padoko mwana ali kumbuyo. Ndinawapeza bambo ake akukutumula netiyo pamchenga. Ndinaitsomphola m'manja mwawo mpaka inang'ambika mbali imodzi.

"Mayi a mwana, mwapenga?"

Asodzi anzawo anafa nalo phwete. Ine ndinaikulunga ikudontha, ikununkha nsomba, n'kuisenza pamutu.