Zikopa Zoyera za Amalume

Kwathu ku Nangongwe ndowa ya madzi akumwa inali ndi chivundikiro chachilendo: chikopa chakale cha ng'oma, chapulasitiki, choyera m'mbali koma chothimbirira pakati pomwe pankagwera ndodo. Chinachokera pa tomu yaikulu, imodzi mwa ng'oma za kutchalitchi kwathu. Woimba ng'omazo anali amalume, mlongo wawo wa amayi.

Chikopacho chinang'ambika m'chilimwe, nyengo ija Kafue amatentha mpaka phula la pamsewu kumata kumapatapata. Msonkhano wa chitsitsimutso unali pafupi, ndipo abusa analamula kuti matomu onse avekedwe zikopa zatsopano.

Amalume anakulira pakati pa makina a kufakitale, ndipo makinawo anawadya makutu pang'onopang'ono. Kunyumba tinkadziwa. Amayi ankawaitana, kuwaitananso, kenako n'kungowagwira paphewa. Kutchalitchi anthu anayamba kunong'onezana kuti ng'oma zikutsalira m'mbuyo mwa kwaya. Abusa anauza amalume poyera kuti zikavutanso pamsonkhano, mpando wa ng'oma aupereke kwa mnyamata wina wa kudera la Estates. Amalume analibe mkazi, analibe mwana. Chawo chinali mpando umenewo.

Loweruka lina ananditenga pa minibasi kupita ku Lusaka kukagula zikopazo. Ine ndinali kamtsikana ka pulayimale, za ng'oma ndinkangodziwa kuvina. M'sitolomo munkanunkha makatoni ndi fumbi. Wogulitsa anatiikira matomu awiri patebulo: ina ya chikopa choyera chokhakhala, ina ya chikopa choonekera ngati galasi, moti ndinkaona zomangira za m'kati mwake.

"Ba mdala, iyi kiliya ikuwa, imveka na kumbuyo," anatero mokweza mawu, akuloza yoonekerayo. "Iyi kotedi ni yofatsa."

Amalume anamenya yoonekerayo. Inalira mothetheka, mawu akuthwa olowa m'mano. Nkhope yawo inawala ngati munthu amene waitanidwa dzina pagulu la alendo. Anaimenyanso kambirimbiri. Kenako anamenya yoyera ija. Inalira pansipansi, mawu onenepa ofika pachifuwa, omwe ndinawazolowera ndili kumsana kwa amayi. Nkhope ya amalume sinasinthe. Anangoika chikhatho pambali pa ng'omayo, n'kuimenyanso, akuyang'ana kudenga.

Ndiye ananjuta patsogolo panga. "Vala menso, iwe. Niuze, ni iti yamene bantu bangapemphelelepo?"

Ndinatsinzina, iwo n'kumenya zonse ziwiri.

"Yoyela, ba malume. Iyi inangu ni chongo chabe."

Anandiuza kuti ndibwereze, akundiyang'ana pakamwa. Ndinabwereza monyadira kuti inayo inali phokoso chabe. Kenako anagula zoyera zokhazokha.

Mpaka lero mtima umandiwawa ndikakumbukira funso limenelo. Nthawi zina ndimawakwiyira: mwana samusenzetsa katundu wotere. Koma sindinaname, ndipo atandifunsanso ndingayankhe chimodzimodzi. Iwonso ankadziwa yankho lake tisanakwere n'komwe minibasi.

Masana a masiku otsatira tinkakhala m'tchalitchi, malata akuthetheka ndi dzuwa, sitima ikulira chapatali. Ankamanga zomangira motsatana ndi zoyang'anana nazo, ngati womanga tayala la galimoto, n'kudina pakati pa chikopa ndi chikhatho mpaka chitalira phwe. Akagogoda m'mphepete, ine ndinkanena kuti apa pakwera, apa patsika, iwo n'kumakonza. Ndinkadziona ngati mphunzitsi wamkulu. Amayi ankangoti, "Uwathandize bwino amalume ako," akuyang'ana kumbali.

Msonkhano unachitikira m'tenti, fungo la thukuta ndi udzu wopondedwa lili thoo. Pa nyimbo zofatsa za kulambira, matomu aja anagudubuzika pansi pa mawu a kwaya, azimayi n'kuyamba kulira, amayi manja ali m'mwamba. Sindinamvepo ng'oma zikulira mokoma chonchija. Koma nyimbo zothamanga zitayamba, zokuzira mawu zinameza kulira kofatsa kuja, ndipo amalume analibenso chogwira. Ndinawaona akuyang'anitsitsa phazi la woimba kiyibodi, thukuta likutsika m'khosi. Kwaya inalowera kwake, ng'oma kwake. Wotsogolera nyimbo anayesa kuomba m'manja mwamphamvu, koma zinakanika, anthu n'kusiya kuvina mmodzimmodzi.

Tsiku lomaliza pampando paja panakhala mnyamata wa ku Estates. Palibe anakangana. Amalume anamupatsa okha ndodo, n'kukakhala kumbuyo pakati pa azibambo, manja ali pamaondo. Mnyamatayo ankadziwa ntchito, sindingamunamizire. Zikopa zoyerazo zinamuyanja, ndipo potseka abusa anathokoza amene anazisankha, ati zinali ndi mawu aulemu oyenera nyumba ya Mulungu.

Ine mawu amenewo anandisangalatsa kwambiri. Pobwerera kunyumba, tikudutsa pa timisika ta tomato ndi makala, ndinkadumphadumpha nditawagwira dzanja.

"Mwamvela mwamene zalilila, ba malume? Ndine n'nasankha!"

Anawerama, kundiyang'ana pakamwa, n'kugwedeza mutu. "Namvela, mwana wanga."

Ndinawakhulupirira. Ndinali ndisanadziwe kuti m'sitolo muja munali ng'oma imodzi yokha imene makutu awo ankaimvabe, ndipo anaisiya patebulo pomwepo kuti ifeyo tipemphere bwino.