Chitenje cha Maluwa Achikasu

Mwana wanga wamkazi womaliza ali ku sekondale ku Petauke, analowa m'gulu la masewelo pasukulu pawo. Sindinamuletse, ngakhale sindinkamvetsa kuti anthu angayimbe bwanji nkhani yonse m'malo mongoifotokoza. Amai ake akanamvetsa. Iwo ndiwo anali oyimba m'nyumba mwathu, ndipo chiwaikile m'manda, pakhomo pathu kufupi ndi Minga panangoti zii.

Loweluka lina anabwela kunyumba n'kundiuza kuti akonza sewelo la nyimbo, lonena za anthu amene anathawa nkhondo ku Mozambique n'kulandilidwa m'midzi yathu. Iye adzakhala mai wobeleka khanda, ndipo nyimbo imodzi adzayimba yekha.

"Atate, mudzabwele ndi chitenje cha amai, chija cha maluwa achikasu," anatelo. "Mudzawapatse amai aang'ono. Anzanga onse amai awo adzakwela pa siteji."

Kwathu kuno mwana akayimba bwino pagulu, amai ake sadikila kuti atsilize. Amanyamuka ndi nthungululu, kukamupukuta thukuta ndi chitenje n'kumufunditsa pamapewa, kuti aliyense aone kuti mwanayo ali ndi eni ake. Imeneyi ndi ntchito ya azimai. Ife amuna timangogwedeza mutu tili pampando.

Amai aang'onowo ndi mng'ono wa malemu mkazi wanga, wogulitsa nthochi ku Kacholola. Analonjeza kuti sadzalephela.

Tsikulo ndinatulutsa chitenjecho m'sutikesi, ndikuchipinda bwino m'thumba limene ndimanyamulila buku la mapemphelo. Tinapita atatu: ine, mlamu wanga amene ndi mlongo wa malemu, munthu wosatseka pakamwa, ndi mnzanga amene timapemphela limodzi, yemwe anawoloka malile ali mnyamata nkhondo ija ili mkati ndipo sanabwelelenso.

Masana holo inali itadzaza, mazenela onse otsegula chifukwa cha kutentha. Ng'oma zitayamba kulila, foni yanga inanjenjemela.

"Alamu, ndili pa Nyimba, minibasi siikudzala," anatelo amai aang'ono aja. "Auzeni adikile pang'ono."

Mlongo wawo anandilanda foni. "Adikile iwe? Ukuyesa ndi ukwati wako?"

Sewelo linayamba. Ndinali ndisanaonepo zotelo. Ana amene ndimawaona akupalasa njinga pamseu anasanduka nkhalamba ndi asilikali a mfuti zamitengo. Mtsinje unali nsalu yabuluu imene atsikana awili ankaikupiza. Wina analowa atakupatila nkhuku yamoyo, ndipo nkhukuyo inalila pakati pa nyimbo yachisoni.

"Bodza ilo," mnzanga anandinong'oneza. "Nkhuku zonse tinazisiya." Anaseka, koma ana aja atayamba kuwoloka nsalu ija atagwilana manja, anavula chipewa n'kuchiika pabondo.

Mwana aliyense akayimba yekha, mai ankatuluka pakati pa mipando, nthungululu ili m'mwamba, chitenje chikuuluka. Mmodzi anakwela ndi zitenje ziwili. Ine maso anali pakhomo.

Kenako anatuluka wanga, atabeleka chidole, mapazi ali ndi fumbi. Ng'oma zinaleka, kunatsala gitala imodzi. Anayamba kutonthoza khanda lake, kuliuza kuti lisalile, kutsidya kuli anthu. Mau amene anatuluka anali a amai ake, mpaka kachizolowezi kokoka mau omaliza. Ndinagwila thumba lija ndi manja onse.

Ndime yoyamba inatha, palibe ananyamuka. Azimai anayamba kucheuka, aliyense kuyembekeza mwini wake.

"Wa ndani ameneyu?" anafunsa mai wina kumbuyo kwathu.

"Kaya. Mwina alibe."

Mwana wanga ankayimbabe, koma ndinaona maso ake akupita pakhomo, kubwelela, kupitanso. Mau anayamba kuchepa.

Ndinatulutsa chitenje n'kuchikankhila kwa mlamu wanga. "Alamu, ndinu malume ake."

"Ine ndi ndevu zangazi? Anthu akwathu ku Msanzala ali muno, ndidzaoneka bwanji kumsika?"

Sindinamuweluze. Nanenso sindinavinepo pagulu chibadwile, ngakhale pa ukwati wanga ndinangoyenda. Koma ndinapezeka ndaimilila.

Ndinayenda pakati pa mipando mmene ndimayendela popeleka mphatso kuguwa Lamulungu, pang'onopang'ono, chitenje chili pamanja onse awili. Nditafika kutsogolo, thupi linachita zimene lazolowela kwa zaka zonsezi. Ndinagwada bondo limodzi n'kulemba chizindikilo cha mtanda, pamaso pa siteji yamatabwa, mfuti zamitengo ndi nkhuku ija.

Holo yonse inafa nacho chiseko.

"Amdala, si Misa iyi!" anakuwa mnyamata wina pazenela.

Makutu anandiotcha, koma kubwelela kunali kutali kuposa kukwela. Ndinakwela. Ndinamupukuta pamphumi mmene ndinkaonela amai ake akuchitila, ndikumufunditsa chitenjecho pamapewa. Nthungululu sindidziwa kuimba, ndiye ndinangoima pambali pake manja ali kumbuyo.

Mai wa zitenje ziwili uja ndiye anayamba. Ena analandila, mpaka holo yonse inali nthungululu zokhazokha. Mwana wanga sanaphonye liu ngakhale limodzi. Anagwila m'mphepete mwa chitenje, mau ake anakwela, ndipo ndime yomaliza anaiyimba misozi ikutsika koma ataimilila chilili. Ndikutsika ndinaona mnzanga akupukuta m'maso ndi chipewa, mlamu wanga ataimilila pampando akuuza aliyense kuti woyimbayo ndi mwana wa mlongo wake.

Amai aang'ono anafika anthu akutuluka, thukuta lili kamukamu, mkoko wa nthochi uli pamutu.

"Zatha? Nanga wakwela ndani?"

"Abambo mfumu awa," anatelo mlongo wawo akundiloza. "Adalitsa ndi nkhuku yomwe."

Mwana wanga anatipeza pansi pa mtengo, chitenje chikadali pamapewa. Anagwada kundipatsa moni, kenako anaseka.

"Atate, mwandifunditsa kunja kuli mkati. Maluwa onse ayang'ana kumsana kwanga."

Amai ake aang'ono anatambasula dzanja kuti achitembenuze, koma iye anakana. Anati chikhale momwemo mpaka madzulo.

Tikudya nthochi zija, mai amene anakhala kumbuyo kwathu anabwela, kuomba m'manja mwaulemu.

"Pepani bambo, sindinadziwe. Ndi wanu mwanayu?"

"Inde amai," ndinayankha. "Ndi wanga."