Amalume a ku Cambridge

Ndikukumbukira ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi, tsiku lomwe mayi ananditengera ku Cambridge kuti amalume akagamule ngati ndikhalebe ku London kapena anditumize ku Malawi. Eya, zinafika pamenepo. Sutikesi anali ataitsitsa kale pamwamba pa wodirobu.

Ine ndinali mwana wosakhazikika, ndipo sindinasinthe kwenikweni, izi ndikulemba pafoni ndili chiimire pa siteji ya basi. M'kalasi miyendo imandiyabwa, pakamwa osatseka. Tsiku lina ndinangotuluka pa buleki n'kukakwera pantoni yowolotsa anthu pamtsinje ku Woolwich, kuwoloka, kubwerera, kuwolokanso, ndikucheza ndi aliyense wondiyang'ana. Akusukulu anaimbira mayi. Mayi amasamalira okalamba ku care home ina ku Greenwich, ndiye anachoka pa shifti ali wefuwefu. Sanandimenye. Anangoti, "Ndatopa nawe Tadala. Ukakhala kwa agogo ako ku Ntcheu, akakuwongola."

Koma kwathu mayi sangatumize mwana mwa iwo okha. Mawu omaliza ndi a mwini mbumba, mlongo wawo, ndipo mlongo wawoyo, amalume a Madalitso, anali ku Cambridge. Ku Ntcheu akamatchula dzina lawo amachita kutsitsa mawu. Chithunzi chawo, atavala suti kutsogolo kwa chipata chachikulu chamiyala, chimakhala pamwamba pa TV pathu. Ndikalakwa mayi amandilozera chimenecho.

Loweruka tinakwera kochi. Njira yonse ndimangotembenuka pampando. Ntcheu ndinachokako ndili ndi zaka zinayi, ndimangokumbukira fumbi ndi galu wina wachikasu. Anzanga onse anali ku Woolwich.

Amalume anatichingamira atavala suti yomwe ija ya pachithunzi. Mayi anapinda maondo popereka moni, pakati pa azungu pomwepo. Ine ndimvekere, "Hi uncle." Kutsina komwe ananditsina mayi! Ndinakonza msanga: "Muli bwanji malume?" Dzanja lawo linali lokhakhala ngati khungwa la mtengo, ndipo pansi pa pafyumu pamamveka kafungo ka anyezi. Ndinafuna kunena, mayi anandiyang'ana, ndinameza.

Mzinda uja, abale! Njinga paliponse, zomangirira m'mipanda ngati mbuzi. Timisewu topanikiza, nyumba zamiyala zakale zokhala ngati matchalitchi okhaokha. Pamtsinje anyamata akukankha mabwato afulati ndi mitengo italiitali. Ng'ombe zikudya msipu m'tauni momwemo, palibe wozithamangitsa. Mayi amangoti, "Ukuona? Kuno kumabwera ana okhala pansi."

"Malume, kalasi yanu ili kuti?"

"Kutsogoloku."

Tinayenda. "Malume, tafika?"

"Kutsogoloku, mwana iwe."

Mayi akati ayambe nkhani yanga, amalume amvekere, "Tikambirana chemwali, taonani kaye mtsinjewu." Amangoyang'ana wotchi, kupukuta thukuta kunja kukuzizira. Tinazungulira zipata zambirimbiri osalowa ngakhale chimodzi. Ndinazindikira kuti osakhazikika tsiku limenelo sindinali ndekha.

Kenako ndinachiona. Chipata cha pachithunzi chija, chenicheni! Sindinadikire munthu. Ndinathamanga kulowa, n'kupezeka ndili pakati pa kapinga wosalala ngati kapeti, chikwangwani choletsa ndachidumpha osachiwerenga. Bambo wina wapachipata, wa chipewa chakuda chobulungira, anakuwa, "Off the grass, young lady!" Ine osaopa, ndinamuyankha m'Chingerezi kuti asadandaule, amalume anga amaphunzira pompano, si awo ayima apowo. Bambo uja anatembenuka, n'kufunsa amalume mwaulemu ndithu ngati ali a pakolejipo.

Amalume anayang'ana nsapato zawo. "No, sir."

Mayi anali atandigwira kale khutu. "Mwaona achimwene? Ndi zimenezi ndimanena!" Kenako dzanja linafooka. "Achimwene, mwati chiyani?"

"Tiyeni tikakwere basi," anatero amalume. "Mlandu wa mwana sitingakambire pakhomo pa eni."

Tinakwera basi. Nyumba zamiyala zinatha, kunayamba dziko lafulati ngati tebulo, lopanda ndi kachulu komwe. Dothi lakuda bii, ngalande zowongoka mpaka kumene maso alekezera, mphepo ikukankha basi. Tinatsika pamphepete pa munda waukulu wa anyezi. Kuseri kwa shedi kunali makalavani, tinyumba tamatayala togonamo antchito, ndipo pakhomo pa imodzi panali majombo amatope. Amalume anavula jekete, n'kuliveka pulasitiki, n'kulipachika mosamala.

Anafotokoza ali chiimire. Anabweradi kudzaphunzira, koma pa kakoleji kena kapamwamba pa shopu, ndipo kanatsekedwa chaka chisanathe. Chithunzi chija anajambulitsa sabata yoyamba, n'kutumiza kumudzi osalembapo kanthu. Mawu anthu anaikapo okha. "Sindinaname," anatero, "koma sindinatsutse."

Mayi anakhala pasitepe ya kalavani, manja kumutu. "Zaka zonsezi ine ndikuopseza mwana ndi dzina lanu, inu mukuzula anyezi?"

"Ndi kaloti yemwe chemwali, musandichepetse."

Mayi anaseka, kuseka kuja kotuluka ndi misozi. Ine sindinathe kupirira, ndinayamba kuthamanga m'mbali mwa ngalande, kupita, kubwerera, ndikuganiza kuti basi zanga zada, munthu ndamuyalutsa chonchi angandikhululukire? Ndimadziona ndili kale pa eyapoti.

"Tadala, tabwera kuno."

Ndinagwada pamatope, osauzidwa.

"Mwanayu sapita," anatero amalume. "Munthu akakhala kutali ndi omuona amasanduka chithunzi. Amayi azidzakuuzani kuti ali bwino, iyenso azidzati ali bwino, inu muzidzakhulupirira chifukwa mwatopa. Mwana wolongolola ndi wabwino, umadziwa pomwe ali. Woopsa ndi wachete ngati ine."

"Ndiye ndizitani naye? Ine ndimagwira ntchito, achimwene."

Analowa m'kalavani, n'kutuluka ndi kafoni kakale komanga ndi labala. Anandipatsa m'manja. "Iwe, pakamwapo tipapezere ntchito. Lamlungu lililonse uzindiimbira, undiuze zonse wachita, zoipa zomwe. Ukajomba kusukulu ndimve kwa iwe, osati kwa amako. Ukadzandinamiza, ndidzabwera ndekha kudzakukweza ndege."

Mayi anagwira duku lomwe mphepo imawavula. Kenako anati, "Mwagamula, eni mbumba, ndamva. Koma nanunso muimbire amayi ku Ntcheu, muwauze za anyezi. Lero."

Amalume anandibwereka foni yomwe anali atangondipatsayo. Ndinawaona akuyenda uku ndi uku m'mphepete mwa munda, dzanja lina lili pakhutu, lina likukupiza m'mwamba. Atabwerako anati agogo angofunsa chimodzi: ngati kumeneko amadya mokwanira.

Sutikesi inabwerera pamwamba pa wodirobu. Sindinganene kuti ndinasanduka mngelo, ayi. Koma kujomba kunayamba kundivuta, chifukwa Lamlungu limafika, ndipo amalume amamvetsera mpaka batire kutha. Ku yunivesite sindinapiteko. Kukonza mafoni ndinadziphunzitsa ndekha poonera mavidiyo, ndinayambira pa kafoni ka labala komweko, ndipo pano ndili ndi katebulo kanga pamsika wa Woolwich.

Nthawi imeneyo ndimaganiza kuti amalume anandipulumutsa chifukwa cha manyazi. Pano ndimaona kuti amadziwa ululu wokhala munthu woti abale ako amakunyadira koma sakukudziwa, ndiye sanafune kuti inenso ndikalowe m'menemo.

Pamwamba pa TV ya mayi pali chithunzi china tsopano, chomwe anatijambula mnzawo wa amalume tsiku lomwelo. Amalume ali m'majombo, mayi agwira duku, kumbuyo kuli anyezi mpaka kumalekezero a dziko. Ine ndine kachizimezime ka kumanzereko. Ndinakanika kuima.